Katundu ndi Liwiro: Kagwiridwe Ntchito ka Minofu ya Paphewa ndi Mawu Okafotokozera

1.0 MAWU OYAMBA

Mwa mfundo zonse zolumikiza mafupa m'thupi la munthu, palibe imene imayenda momasuka ngati ya paphewa. Mkono umakwera mpaka kuloza kumwamba, umabwerera kumbuyo, umapingasa pachifuwa, ndiponso umazungulira. Koma kumasuka kumeneku kuli ndi vuto lake, pakuti mafupa a paphewa sagwirana molimba ngati a m'chiuno, ndipo ntchito yosunga mkono m'malo mwake inagwera minofu. Cholinga cha pepala lino ndi kufotokoza zimene minofuyi imachita pamene zinthu ziwiri zasintha: kulemera kwa chimene dzanja lagwira, ndi liwiro limene mkono ukuyendera. Tionetsa kuti chimene chimazunza phewa si kulemera kokha ayi, komanso kutalikira kwa katundu ndi ntchito yoimitsa mkono umene uli paliwiro. Popeza nzeru zoterezi zimafika kwa mlimi ndi kwa wodwala kudzera m'mawu, tionanso pamene Chichewa chimasiyanitsa zinthuzi bwino, ndi pamene chimaziphatikiza.

2.0 MAWU AMENE TIGWIRITSE NTCHITO

Mawu akuti mtsempha amaimira zinthu zitatu zosiyana: njira yodzera magazi, ulusi wonyamula uthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo, ndi chingwe choyera cholimba chimene chimamangirira mnofu ku fupa. Si Chichewa chokha chimene chimatero, pakuti mshipa m'Chiswahili ndi tsinga m'Chishona nawonso amasenza matanthauzo angapo otere. Motero munthu akadandaula kuti mtsempha wa paphewa ukumupweteka, womumvera ayenera kufunsitsa kuti adziwe chimene chikunenedwa. M'pepala lino tikati mnofu tikutanthauza nyama yofiira imene imafupika ndi kukoka. Tikati mnyewa tikutanthauza chingwe chomangirira mnofu ku fupa, ngakhale tikudziwa kuti ena amatchula minofu yomwe kuti minyewa. Mawu akuti mtsempha tiwatchula ndi mawu ena owamasulira nthawi zonse: mtsempha wa magazi, kapena mtsempha wa uthenga.

3.0 KAPANGIDWE KA PHEWA

Paphewa pamakumana mafupa atatu: fupa lalitali la mkono, fupa lafulati la kumsana limene m'mabuku a zachipatala amalitcha scapula, ndi fupa lopingasa la m'munsi mwa khosi. Mutu wa fupa la mkono ndi wobulungira, ndipo umakhala m'kambale kosaya ka pa scapula. Kambaleka n'kochepa kwambiri, kotero kuti pa nthawi imodzi gawo limodzi lokha mwa magawo atatu kapena anayi a mutuwo ndilo limakakhudza. M'chiuno fupa limalowa ngati munsi mumtondo, koma paphewa limangokhala ngati mtsuko pankhata.

Minofu ya pamalowa tingaigawe m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la minofu ikuluikulu yoyendetsa mkono: deltoid, umene umaphimba phewa ndi kukweza mkono, pectoralis major wa pachifuwa, ndi latissimus dorsi wa kumsana, umene umakokera mkono pansi ndi kumbuyo. Gulu lachiwiri ndi la minofu inayi ing'onoing'ono imene imachokera pa scapula ndi kukuta mutu wa fupa la mkono: supraspinatus pamwamba, infraspinatus ndi teres minor kumbuyo, ndi subscapularis kutsogolo. Imeneyi tiitcha minofu yogwiriziza, chifukwa ntchito yake yaikulu ndi kukanikizira mutu wa fupa m'kambale kaja. Gulu lachitatu ndi la minofu yotembenuza scapula, makamaka trapezius ndi serratus anterior.

Magulu atatuwa amadalirana. Mkono ukakhala m'mbali mwa thupi, deltoid akayamba kukoka amakokera fupa m'mwamba, ndipo akanakhala yekha, mutu wa fupa ukanagunda denga la fupa limene lili pamwamba pake. Minofu yogwiriziza ndiyo imaukokera pansi ndi m'kati kuti uzingozungulira osasuntha. M'chaka cha 1944 Inman, Saunders ndi Abbott a ku University of California anafotokoza mgwirizano umenewu pogwiritsa ntchito makina ojambula magetsi amene mnofu umatulutsa ukamagwira ntchito. Iwo anaonetsanso kuti pa madigiri 180 amene mkono umayenda pokwera, pafupifupi 120 amachitikira pamfundo yeniyeniyo, ndipo 60 amachokera m'kutembenuka kwa scapula.

4.0 KATUNDU

4.1 Kutalikira kwa katundu. Aliyense amene anagwirapo khasu kumapeto kwenikweni kwa mpini, n'kulitambasula chopingasa, amadziwa kuti limalemera koposa pamene waligwira pafupi ndi chitsulo, chonsecho khasu ndi lomwelo. Chimene phewa limalimbana nacho ndi kulemera kwa katundu kuchulukitsa ndi mtunda wopingasa wochokera pamfundo kufika pamene pali katunduyo. Tiyerekeze kuti munthu wagwira chitini cholemera makilogalamu 5, mkono atautambasula chopingasa, ndipo dzanja lili masentimita 60 kuchokera paphewa. Tikachulukitsa 5 ndi 60 tipeza 300. Tsono mnofu wokweza mkono umadutsa pafupi kwambiri ndi pakati pa mfundo, pa mtunda wa masentimita 2 kapena 3 okha. Tikagawa 300 ndi 3 tipeza kuti minofu iyenera kukoka ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 100 kuti chitinicho chisatsike, ndipo apa sitinawerengere kulemera kwa mkono weniweniwo. Munthu yemweyo akapinda chigongono kuti chitini chikhale pa masentimita 30, ntchitoyo imatsika ndi theka. M'chaka cha 1978 Poppen ndi Walker anawerengera kuti ngakhale dzanja lili lopanda kanthu, mkono ukatambasulidwa chopingasa cham'mbali, mphamvu yokanikiza pamfundo ya phewa imafika pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a kulemera kwa thupi lonse.

Apa m'pamene timamvetsa nzeru ya kusenza. Katundu wa pamutu amakhala pamzere wa msana, kotero kuti alibe mtunda wopingasa wozunzira phewa, ngakhale kuti khosi ndilo limalandira kulemerako. M'chaka cha 1986 Maloiy, Heglund ndi anzawo anayeza amayi a mitundu ya Aluo ndi Akikuyu ku Kenya, ndipo anapeza kuti amayiwo ankanyamula ndi mutu katundu wofika gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lawo popanda kuwonjezera mpweya umene ankagwiritsa ntchito poyenda. Kwa mayi wosenza chidebe cha malita 20, chimene madzi ake okha amalemera makilogalamu 20, nthawi yovuta kwa phewa ndi yochepa koma yoopsa: potukula chidebe kuchoka pansi kufika pamutu, ndi pochitula. N'chifukwa chake kudambo ndi kumjigo anthu amasenzetsana.

4.2 Mmene mnofu umawonjezera mphamvu. Mnofu uliwonse ndi mtolo wa timaulusi tambirimbiri, ndipo timaulusito tinagawika m'timagulu, kagulu kalikonse ndi mtsempha wake wa uthenga wochokera m'fupa la msana. Pali njira ziwiri zowonjezera mphamvu. Yoyamba ndi kutumiza uthenga pafupipafupi ku kagulu kamene kayamba kale ntchito, monga anaonetsera Adrian ndi Bronk m'chaka cha 1929. Yachiwiri ndi kuitana timagulu tina. Elwood Henneman, poyesa amphaka kuyambira m'chaka cha 1957, anapeza kuti kuitanaku kuli ndi ndondomeko yake: timagulu tating'ono, tochedwa kutopa, ndito timayamba, ndipo tikulutikulu, tamphamvu koma tosachedwa kutopa, timabwera pambuyo katundu akamakula. Motero munthu angathe kupeta ndi lichero nthawi yaitali, koma sangasunge thumba la chimanga m'malere kupyola kamphindi. Timagulu tikatopa, mphamvu imaleka kutuluka mosalala, ndipo mkono umayamba kunjenjemera.

4.3 Minofu imene katundu amaipweteka. Tikhoza kuganiza kuti katundu akawonjezeka, mnofu waukulu wa deltoid ndiwo umalandira zonse. Koma m'chaka cha 1984 Sigholm, Herberts ndi anzawo a ku Göteborg ku Sweden anapeza kuti chimene chimalemetsa minofu ya paphewa koposa zonse ndi msinkhu umene mkono wakwera, ndi kuti katundu wa m'dzanja akawonjezeka, ntchito ya minofu yogwiriziza imakwera kwambiri kuposa ya deltoid. Minofu yaing'onoyi, imene sioneka ndi maso, ndiyo imayamba kulema. Kuwonjezera apo, mkono ukakhalitsa m'mwamba, mnofu wa supraspinatus umafinya mitsempha yake ya magazi, ndipo magazi sayenda mokwanira mpaka mkonowo utatsika. Wofolera denga, wopaka penti kudenga ndi mphunzitsi wolemba pamwamba pa bolodi amamva kuwawa paphewa ngakhale chimene agwira chili chopepuka, chifukwa mnofu umene ukugwira ntchito osasuntha supeza mpata wopuma.

5.0 LIWIRO

5.1 Mphamvu ndi liwiro zimalandana malo. M'chaka cha 1938 A. V. Hill wa ku London, poyesa minofu ya achule, analongosola lamulo limene likugwirabe ntchito mpaka lero: mnofu ukamafupika mwaliwiro, mphamvu imene ungatulutse imachepa, ndipo ukamakoka katundu wolemera, umafupika mochedwa. Chifukwa chake n'chakuti m'kati mwa ulusi wa mnofu muli tizigawo timene timagwira, kukoka ndi kutaya mobwerezabwereza, monga amachitira manja a anthu okoka khoka, ndipo chingwe chikamathamanga, manja ochepa okha ndiwo amakhala atagwira pa nthawi imodzi. Tanthauzo lake n'lakuti munthu wofuna kunyamula chinthu mwachangu ayenera kuitana timagulu tambiri kuposa wochinyamula modekha, popeza kagulu kalikonse kakupereka mphamvu yochepa.

5.2 Kufulumira kumachulukitsa ntchito. Chinthu chimene chili chikhalire chimafuna mphamvu kuti chiyambe kuyenda, kuwonjezera pa mphamvu yolimbana ndi kulemera kwake. Ngati mkono uyenda mtunda womwewo m'theka la nthawi, mphamvu youyambitsa ndi youimitsa siwirikiza kawiri ayi, koma kanayi. Choncho liwiro limapanikiza minofu mbali ziwiri: limachulukitsa mphamvu yofunika, kwinaku likuchepetsa mphamvu imene mnofu ungathe kupereka.

5.3 Zigawo zitatu za kuyenda kwachangu. Mkono ukamayenda pang'onopang'ono, mnofu wouyendetsa umagwira ntchito mosalekeza kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Ukamayenda mwachangu kulunjika pamalo ena ake, zinthu zimasintha. Wachholder ndi Altenburger anaona m'chaka cha 1926, ndipo Hallett, Shahani ndi Young anatsimikiza m'chaka cha 1975, kuti pamakhala zigawo zitatu: mnofu woyendetsa umakoka mwadzidzidzi n'kuleka, kenaka mnofu wa mbali inayo umakoka kuti uimitse mkono, ndipo potsiriza woyamba uja umakokanso pang'ono kuti dzanja likhazikike. Liwiro likakula, chigawo chachiwiri chimakula ndipo chimayamba msanga. Ubongo umakonzeratu zambiri mwa izi mkono usananyamuke. M'chaka cha 1967 Belen'kii, Gurfinkel ndi Pal'tsev a ku Moscow anaonetsa kuti munthu woimirira akamakweza mkono mwachangu, minofu ya m'miyendo imayamba kulimba deltoid asanayambe kukoka, kuti thupi lisapendekeke. Izi zikutiuza chifukwa chake munthu amadzidzimuka ndi kutsala pang'ono kugwa akanyamula chigubu chopanda kanthu chimene amachiyesa chodzaza: thupi linakonzekera katundu amene kulibe.

5.4 Mnofu wokoka ukutalika. Poimitsa mkono, kapena potsitsa katundu mosamala, mnofu umakoka koma uku ukutalika. M'chaka cha 1939 Bernard Katz anaonetsa kuti mnofu wotere umatha kupirira mphamvu yaikulu kuposa imene umatulutsa ukakhala wosasuntha. Ntchito ya mtundu umenewu sidya mpweya wambiri, motero munthu saizindikira msanga, koma ndiyo imang'amba timaulusi kwambiri, ndipo ndiyo imabweretsa kuphwanya kwa thupi kumene kumamveka patapita tsiku limodzi kapena awiri.

Tiyerekeze kusinja ndi kuponya. Wosinja amakweza munsi ndi deltoid, trapezius ndi serratus anterior, ndipo apa akulimbana ndi kulemera. Potsitsa amagwiritsa ntchito minofu ya kumsana ndi ya pachifuwa, ndipo apa akufuna liwiro. Koma chimene chimaimitsa munsi ndi chimanga cha mumtondo, monga momwe nthaka imaimitsira khasu ndi mtengo umaimitsira nkhwangwa. Nkhwangwa ikaphonya mtengo, ntchito yonse yoimitsa imagwera minofu ya kumbuyo kwa phewa mosayembekezera, ndipo odula mitengo amaudziwa ululu wake. Woponya alibe chomuimitsira mkono nthawi zonse. Fleisig, Andrews ndi anzawo a ku Birmingham ku Alabama, poyeza akatswiri oponya mpira wa baseball m'zaka za m'ma 1990, anapeza kuti fupa la mkono limapotokera m'kati pa liwiro la pafupifupi madigiri 7,000 pa sekondi, ndi kuti mpira ukangochoka m'dzanja, minofu imakoka ndi mphamvu yoyandikira kulemera kwa thupi lonse kuti mutu wa fupa usachoke m'kambale kake. Malinga ndi lamulo la Hill, mnofu wokha sungafupike msanga chotero uli ndi mphamvu. M'chaka cha 2013 Roach, Lieberman ndi anzawo anafotokoza kuti pamene woponya abweza mkono kumbuyo, minyewa ndi zomangira za paphewa zimatamuka ngati mphira wa legeni n'kusunga mphamvu, ndipo mphamvuyo imatuluka nthawi imodzi mkono ukamapita kutsogolo.

6.0 ZIMENE CHICHEWA CHIMASIYANITSA

Tsopano tione ziganizo izi:

(1) a. Mayi anatula mtolo wa nkhuni.
b. Mayi anagwetsa mtolo wa nkhuni.

M'ziganizo zonse ziwiri mtolo wachoka pamutu n'kufika pansi. Kusiyana kwake n'kwakuti mu (1a) minofu ikukoka ikutalika, monga tafotokozera mu 5.4, pamene mu (1b) minofu yataya ntchito. Mneni kutula, amene m'bale wake m'Chiswahili ndi kutua, akutchula ndi liwu limodzi chinthu chimene mabuku a zachipatala amachifotokoza ndi mawu ambiri. Chimodzimodzinso aneni kunyamula, kutukula, kusenza ndi kubereka amatiuza pamene katundu ali poyerekeza ndi thupi, ndipo taona mu 4.1 kuti malo a katundu ndiwo amalamula ntchito ya phewa. Mawu oyerekeza nawonso amathandiza:

(2) a. Anangoti chidebe nyamu!
b. Minofu ya paphewa inali gwa.
c. Mkono unali lende.
d. Manja ankangoti njenjenje.

Mu (2a) muli kunyamula kwachangu kwa mwadzidzidzi, mu (2b) muli mnofu wokoka osasuntha, mu (2c) muli mnofu wopuma kapena wofooka, ndipo mu (2d) muli kutopa kwa timagulu kumene tatchula mu 4.2.

Komabe pali malo amene chinenero chimaphatikiza zimene thupi limasiyanitsa. Taonani mphatikiri -its- kapena -ets- wosonyeza kunyanya:

(3) a. Gwiritsa chingwecho.
b. Koketsa chingwecho.
c. Menyetsa msomaliwo.

Mu (3a) tikupempha mphamvu yopanda kuyenda, mu (3b) mphamvu yoyenda mochedwa, ndipo mu (3c) chimene chikufunika kwenikweni ndi liwiro la hamala. Mphatikiriyo akungonena kuti ntchito ichitike kwambiri, osasankha pakati pa mphamvu ndi liwiro. Mawu akuti mwamphamvu amachitanso chimodzimodzi: timati munthu waponya mwala mwamphamvu, chonsecho mwalawo ndi wopepuka, ndipo chimene tikuyamikira ndi liwiro lake.

Zimenezi zimakhudza aliyense wolemba kapena womasulira malangizo a zaumoyo. Langizo lakuti "musanyamule zolemera" n'loperewera, ndiponso mlimi sangalitsate, pakuti ntchito yake ndi yomweyo. Wodwala phewa akauzidwa kuti asagwire ntchito mwamphamvu, angathe kusiya kunyamula matumba koma n'kumapitiriza kugenda mbalame kumunda wa mpunga kapena kuyanika zovala pachingwe chachitali, poganiza kuti zimenezo n'zopepuka. Malangizo olondola ayenera kutchula chilichonse pachokha: sendezani katundu pafupi ndi thupi musanamutukule, musamuchite kutsomphola, tulani mothandizana, ndipo musakhalitse mkono pamwamba pa phewa osautsitsako.

7.0 MAWU OMALIZA

Taona kuti phewa limadalira minofu kuti likhale m'malo mwake, ndi kuti ntchito ya minofuyo imakula m'njira zinayi: katundu akalemera, katundu akatalikira thupi, mkono ukakhalitsa m'mwamba, ndi mkono ukafulumira, makamaka pa nthawi youimitsa. Taonanso kuti aneni ndi mawu oyerekeza a Chichewa amasiyanitsa bwino malo a katundu, kutsitsa kosamala ndi kunyamula kwadzidzidzi, koma mawu akuti mtsempha ndi mwamphamvu, pamodzi ndi mphatikiri wa kunyanya, amafuna kuwamasulira asanalowe m'buku la sukulu kapena m'malangizo a kuchipatala. Tikupempha anzathu ofufuza Chitumbuka, Chiyao, Chibemba, Chishona ndi Chisena kuti asonkhanitse aneni a kunyamula, kutsitsa ndi kuponya m'zinenero zawo, pamodzi ndi mawu oyerekeza amene amayenda nawo, kuti tione ngati malire a matanthauzo amene tapeza m'Chichewa amagweranso pamalo omwewo.